GODFREY CHITALU: WOMWETSA ZIGOLI AMENE ANASANDUKA MPHUNZITSI

Munthu wocoka pakati pa mzinda wa Lusaka nalowa mu mseu waukuru wa kumpoto, uja wopita ku Kabwe, akangopitirira nyumba za ku Emmasdale amaona mabwalo awiri a mpira oyandikana. Lina ndi latsopano, lochedwa National Heroes Stadium, limene linatsegulidwa m'caka ca 2014. Lina ndi lakale, Independence Stadium, m'mene mbendera ya Zambia inakwezedwa koyamba pa 24 October 1964. Pambali pa bwalo lakalelo pali manda a anthu 30 amene anafera pamodzi usiku umodzi m'nyanja ya ku Gabon, ndipo mmodzi wa ogona pamenepo ndiye Godfrey Chitalu.

Mwana wa sukulu wa ku Matero kapena wa ku Kabwata akafunsidwa kuti Chitalu anali yani, amayankha msanga kuti ndiye uja anamwetsa zigoli 107 m'caka cimodzi. Yankho limeneli nloona, koma nlosakwanira. Pa tsiku la imfa yace Chitalu sanali womenya mpira ai, pakuti panali patapita zaka zoposa 10 cibvulire nsapato. Anakwera ndeke ija monga mphunzitsi wamkuru wa timu ya dziko lonse, ndipo udindo umenewo anali ataugwira miyezi 4 yokha. Njira imene anayenda kufikira pa mpando umenewo inali yaitali ndi yokhotakhota, ndipo m'menemo muli zambiri za m'mene aphunzitsi a mpira amapezekera m'dziko muno.

Godfrey Chitalu anabadwa pa 22 October 1947 ku Luanshya, m'komboni ya Mikomfwa, pafupi ndi mgodi wa Roan Antelope. Omvera ena adziwa kuti ku America anyamata a mpira wa kumeneko, uja wogwira ndi manja, amakulira m'masukulu akuru ochedwa makoleji, ndipo mphunzitsi wa timu ya koleji angathe kuchuka kuposa mkuru wa koleji yemweyo. Ku Northern Rhodesia sikunali cotero. Koleji ya mpira inali ya eni migodi. Makampani a mkuwa anamanga nyumba zosewereramo ndi mabwalo m'makomboni, nalemba anthu oyang'anira masewera, cifukwa anaona kuti mnyamata wotanganidwa ndi mpira sapeza nthawi ya kucita zosokoneza, ndiponso kuti wanchito wokhala ndi timu yoikonda sacoka msanga pa mgodi. Colinga ca makampani cinali ca phindu lao, koma cipatso cace cinagwera dziko lonse. Chitalu anayamba mpira m'gulu la ana la Fisansa ku Luanshya komweko, ndipo atasamukira ku Kitwe anapitiriza m'matimu a m'komboni kufikira akuru a Kitwe United anamuona namtenga.

Nthawi imene anakuliramo inamkomera. Kale Azungu anali ndi bungwe lao la mpira ndipo anthu akuda anali ndi lao, koma m'caka ca 1962 panakhazikitsidwa ligi imodzi ya dziko lonse yosasankha khungu, ndipo oyamba kuipambana anali Roan United a kwao kwa Chitalu. Cotero mnyamatayo, polowa m'timu ya akuru, anapeza khomo lotseguka limene atate ace a m'badwo wapitawo analipeza lotseka.

Koma khalidwe lace pa masiku amenewo silinali la munthu amene tsiku lina adzapatsidwa ana a eni kuti awalangize. Anali wamphamvu, waliwiro, womenya mpira ndi miyendo yonse iwiri, komanso anali wopsa mtima msanga. Mdani akampweteka sanadikire woimbira mpira kuti aweruze mlandu, ndipo kawirikawiri anaturutsidwa m'bwalo masewera asanathe. Pali nkhani yodziwika bwino ya tsiku lina pamene woimbira mpira anamuitana namfunsa dzina kuti alilembe m'kabuku, iye nayankha kuti ndiye Denis Law, womwetsa zigoli wochuka wa Manchester United. Woimbira mpirayo sanaseke; anamlozera kunja. Anthu amaseka pokamba nkhaniyi lero, koma akuru a mpira a nthawi ija sanaione ngati nthabwala, ndipo ena anayesa kuti mnyamatayu adzatha msanga monga moto wa mapesi.

Akuru a Kitwe United anacita canzeru. M'malo mwa kumcotsa anamsenzetsa katundu, namuika kukhala kaputeni wa timu. Mwini mbuzi akafuna kuti mbusa asiye kusewera amampatsa khola lonse kuti aliwerenge madzulo. M'caka ca 1968 Chitalu anamwetsa zigoli 81, nasankhidwa kukhala womenya mpira woposa onse m'Zambia, ndipo ndiye anali woyamba kulandira ulemu umenewu. M'caka comweco anabvala malaya a timu ya dziko kwa nthawi yoyamba. Anali ndi zaka 20 zokha.

Kuyambira 1971 anasewera ku Kabwe Warriors. Kabwe, imene kale inachedwa Broken Hill, ndi mudzi wa njanje, pakuti pamenepo ndi pamene pali likuru la Zambia Railways, ndipo timu ya Warriors inali ya kampani imeneyo. Ici ncofunika kucimvetsa. Womenya mpira wa masiku aja sanali kudya mpira wokha monga acitira a ku Ulaya. Anali wanchito wa mgodi, wa njanje, wa banki, wa usilikari kapena wa upolisi, wokhala ndi nambala yace m'buku la malipiro, ndipo mpira unali gawo la nchito yaceyo. Posamukira ku Warriors Chitalu analowanso nchito ya njanje, ndipo Kabwe inakhala kwao kufikira imfa.

Caka ca 1972 ndico cimene cinampatsa dzina losafafanizika. Warriors anatenga ligi pamodzi ndi zikho zonse zimene zinalipo m'dziko, osasiyako ngakhale cimodzi, ndipo Chitalu yekha anawerengeredwa zigoli 107 m'nyengo imeneyo, za timu yace ndi za dziko pamodzi. Ndipo kuwerengako kunasiya zina 9 zimene anamwetsa timu ya Majantja ya ku Lesotho kumayambiriro kwa caka, m'cikho ca matimu opambana a mu Africa, nyengo ya kuno isanatsegulidwe: 2 ku Lesotho ndi 7 pa masewera obwereza, pamene Warriors anapambana 9 kwa 0. Woonkhetsa zonse apeza 116. M'caka comweco Gerd Müller wa ku Germany anamwetsa 85, ndipo dziko lonse lapansi linamva za Müller, koma za Chitalu zinamveka kuno kokha.

Dzina lakuti Ucar linacokera ku mabatire a kampani ya Union Carbide, amene anagulitsidwa kwambiri masiku aja ndi mbiri yakuti sakutha msanga mphamvu. Anthu ambiri amene anali kupfuula dzinali sanamuonepo Chitalu ndi maso. Anamdziwa ndi makutu, atazinga wailesi pa khonde Loweruka kapena Lamulungu masana, pomvera mau a Dennis Liwewe, mwana wa ku Nyasaland amene anadzakhala mau a mpira wa Zambia. Ndipo ndi coseketsa pang'ono kuti wailesi zambiri zimene zinafalitsa dzinalo zinali kuyenda ndi mabatire omwewo.

Munthu angayembekeze kuti womwetsa zigoli wotere anali mfumu m'timu ya dziko, koma sizinatero. Kuyambira 1971 kufikira 1976 timu ya Zambia inali m'manja mwa Ante Buselic wa ku Yugoslavia, mphunzitsi wa mwambo wolimba amene anafuna kuti anthu 11 ayende monga thupi limodzi. Iye ndi Chitalu sanamvane bwino. Buselic anali ndi anyamata ena akutsogolo amene anawakhulupirira, monga Bernard Chanda ndi Simon Kaushi, ndipo zipatso za nchito yace zinatseka pakamwa omtsutsa. M'caka ca 1974, pa ulendo woyamba wa Zambia ku cikho ca maiko a mu Africa ku Egypt, timu inafika pa masewera otsiriza, nilingana ndi Zaire 2 kwa 2, ndipo inagonja 2 kwa 0 pobwereza patapita masiku awiri. Chitalu analipo pa ulendowo namwetsa cigoli pokomana ndi Egypt, koma sanali mzati wa timuyo, ndipo pambuyo pace anamsiya kunja kwa nthawi yaitali.

Palibe sukulu yowawa kwa munthu wochuka yoposa kukhala pansi nkumaonerera anzace akupambana popanda iye. Amene akamba za Chitalu mphunzitsi ayenera kuyambira pa zaka zimenezi, cifukwa m'menemo anaona ndi maso ace kuti timu yolangizidwa bwino ikhoza kufika patali ngakhale womwetsa zigoli 107 ali pa benchi. Ambiri akadakwiya nasiya. Iye anapitirira kusewera ku Kabwe, ndipo pamene Brightwell Banda anatenga timu ya dziko anamuitananso m'caka ca 1977. Anabwera ali munthu wa zaka pafupifupi 30, wofatsa kuposa kale, namwetsa Uganda zigoli 2 pa masewera ofunira malo ku cikho ca dziko lapansi. Anapita ku cikho ca mu Africa ku Ghana m'caka ca 1978, nasankhidwanso womenya mpira woposa onse mu 1978 ndi mu 1979, kuonjezera pa 1968, 1970 ndi 1972. Kasanu konse. Ku masewera a Olympic a ku Moscow mu 1980 anamwetsa cigoli pokomana ndi eni dziko a Soviet Union, ngakhale Zambia inagonja 3 kwa 1. Zigoli zace zonse za m'timu ya dziko zinakwana 79, ndipo palibe Mzambia wina amene wafikapo pamenepo. Anasiya kusewera mu 1982.

Zaka zotsatira zinali za cete. Anakhala ku Kabwe pa nchito yace ya njanje, osatalikira timu ya Warriors, koma sanathamangire mpando wa uphunzitsi. Pamenepa pali funso limene anthu a mpira amatsutsana m'maiko onse: kodi katswiri angakhale mphunzitsi wabwino? Ambiri amati iai, ndipo ali ndi cifukwa. Cimene katswiri amacita mosaganiza, monga mbalame iuluka, sadziwa kucimasulira kwa mnyamata amene alibe mphatsoyo, ndipo amatopa naye msanga. Mphunzitsi wabwino kawirikawiri amakhala uja anasewera mobvutika, amene anaphunzira ciriconse pang'onopang'ono ndipo akumbukira makwerero onse. Pa Chitalu panali ndi cikaiko cina coonjezera, pakuti akuru anali asanaiwale mnyamata uja wa ku Kitwe wodzicha Denis Law.

Mpata unadza ndi tsoka. Warriors, amene anatenganso ligi mu 1987, anagwa koopsa patapita zaka 3 zokha, ndipo kumapeto kwa 1990 anatsitsidwa kucoka m'ligi yaikuru. Kwa anthu a ku Kabwe ici cinali camanyazi cosaneneka. Timu imene inadya zikho zonse mu 1972 tsopano inayenera kuyenda m'mabwalo a pfumbi, kukomana ndi matimu amene kale akadakondwa kungoionerera. Pa nthawi yotere akuru a timu anatembenukira kwa Chitalu nampatsa uphunzitsi.

Nchito ya kukweza timu yogwa siifanana ndi nchito ya kusunga timu yopambana. Anyamata abwino amafuna kuthawira kwina, otsala amataya mtima, ndipo timu iriyonse ya m'ligi yaing'ono imasewera ndi mphamvu zace zonse tsiku lokomana ndi dzina lalikuru. Dzina la mphunzitsi silimwetsa cigoli. Chitalu anaibweza Warriors m'ligi yaikuru m'caka cimodzi cokha, 1991, ndipo m'caka comweco timuyo inatenga cikho ca Challenge, ndiko kunena kuti inagonjetsa ndi matimu a pamwamba omwe. Iye anasankhidwa kukhala mphunzitsi woposa onse wa cakaco. Umboni woona wa luso lace la uphunzitsi uli pamenepa, ku Kabwe mu 1991, koposa m'miyezi yocepa ija ya ku timu ya dziko. Koma cifukwa zinacitika m'ligi yaciwiri, kutali ndi maso a ku Lusaka, ndizo zimene anthu amakumbukira pang'ono.

Tsono kuti omvera amvetse m'mene anafikira pa mpando wa dziko, kuyenera kuchula munthu amene analipo iye asanafike. Samuel Ndhlovu, wochedwa Zoom, wa ku Mufulira Wanderers, anatsogolera timu ya Zambia kuyambira 1987. Ndiye anali mphunzitsi pa 19 September 1988 pamene Zambia inagonjetsa Italy 4 kwa 0 ku masewera a Olympic a ku Korea, Kalusha Bwalya namwetsa 3. Ndiye anafikitsa timu pa malo acitatu ku cikho ca mu Africa ku Algeria mu 1990. Koma ku Senegal mu 1992 Zambia inaturutsidwa ndi Ivory Coast isanafike patali, ndipo anthu anayamba kung'ung'udza. Pa 20 December 1992 timu inagonja 2 kwa 0 ku Madagascar pa masewera ofunira malo ku cikho ca dziko lapansi ca 1994, ndipo pomwepo nchito ya Ndhlovu inatha. Umu ndi m'mene mpando umenewu ukhalira: munthu wogonjetsa Italy anacotsedwa cifukwa ca Madagascar.

Bungwe la mpira la FAZ silinayambe lasankha Chitalu ai. Linasankha Moses Simwala wa ku Nkana, amene anali atatenga ligi kambirimbiri nafikitsa timu yace pa masewera otsiriza a cikho ca matimu opambana a mu Africa mu 1990. Pa kuwerenga zikho, palibe akadatsutsa kusankhako. Chitalu ndi Alex Chola wa ku Power Dynamos anaikidwa kukhala omthandiza. Koma Simwala anadwala asanayambe bwino nchito, ndipo timu inatsala m'manja mwa Chitalu, Chola nakhala waciwiri wace. Simwala sanacire, anamwalira m'caka comweco ca 1993.

Anthu awiriwa anali osiyana monga nkhwangwa ndi singano. Chitalu anali wa mphamvu ndi wolunjika ku golo. Chola, amene anthu anamucha Computer, anali wa nzeru zobisika, wopatsira mpira pamene mdani sanayembekeze. Onse awiri anali atasewera pamodzi m'timu ya dziko, ndipo anyamata amene anawapatsidwa anakula akumva maina ao pa wailesi.

Anayamba nchito timu iri pakamwa pa dzenje, cifukwa m'gulu lao timu imodzi yokha ndiyo inayenera kupitirira, ndipo Madagascar inali itawagonjetsa kale. Mu January 1993 Zambia inapambana Tanzania 3 kwa 1 kwao komweko, ngakhale pambuyo pace Tanzania inaturuka m'mpikisano ndipo masewera ace anafafanizidwa. Kumapeto kwa mwezi womwewo inagonjetsa Namibia 4 kwa 0. Mlandu wonse unatsalira pa kukomananso ndi Madagascar kumapeto kwa February, ndipo Zambia inapambana 3 kwa 1, nipitirira ku gawo lotsiriza pamodzi ndi Morocco ndi Senegal. Wopambana mwa atatuwa ndiye akadapita ku America. Zambia inali isanapiteko ku cikho ca dziko lapansi, ndipo anthu anayamba kukhulupirira kuti nthawi yakwana. Pa 25 April timu inakamenya Mauritius 3 kwa 0 pa cisumbu cao m'mpikisano wa cikho ca mu Africa, ndipo zigoli zonse zitatu zinali za mnyamata Kelvin Mutale. Amene anaona Mutale akumwetsa zigoli pamaso pa Ucar anati ng'oma yapeza mwini watsopano.

Komatu mphunzitsi wa timu ya dziko pa masiku amenewo sanali kulimbana ndi adani a m'bwalo okha. Mtengo wa mkuwa unali utagwa kwa zaka zambiri, ndalama ya kwaca inali itacepa mphamvu, ndipo makampani amene kale anadyetsa mpira anali kubvutika. Dziko linali litabweza kale mwai wa kulandira cikho ca mu Africa ca 1988 cifukwa ca kusowa ndalama, ndipo masewerawo anapita ku Morocco. Akatswiri ena anali ku Ulaya, Kalusha Bwalya ku PSV Eindhoven, Charles Musonda ku Anderlecht, Johnson Bwalya ku Switzerland, ndipo mphunzitsi anali kuwaona masiku ocepa okha masewera asanacitike. Ndipo popeza bungwe la mpira linalibe ndalama za ndeke za apaulendo, linali kupempha ndeke ya asilikari a m'mlengalenga. Ndekeyo inali ya mtundu wa Buffalo, yopangidwira kunyamula asilikari ndi katundu pa maulendo afupi, yoyenda pang'onopang'ono, yosowa kutera kawirikawiri kuti imwe mafuta.

Pa 27 April 1993, atangobwera kucokera ku Mauritius, ananyamuka pa Lusaka kupita ku Dakar kukakomana ndi Senegal. Ulendo unakonzedwa kuti adzatera pa Brazzaville, pa Libreville ndi pa Abidjan. Anatera pa Brazzaville, nateranso pa Libreville. Usiku umenewo, ndeke itangonyamuka pa Libreville, injini ya kumanzere inagwira moto, ndipo ndekeyo inagwera m'nyanja ya Atlantic pafupi ndi gombe. Sanapulumuke ndi mmodzi yemwe. Munali omenya mpira 18, aphunzitsi awiri aja, sing'anga wa timu Wilson Mtonga, wapampando wa FAZ Michael Mwape, akuru ena, mtolankhani, ndi asilikari 5 oyendetsa ndeke. Mwa anyamatawo munali Efford Chabala wa pa golo, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Eston Mulenga, Robert Watiyakeni ndi Kelvin Mutale. Munalinso Whiteson Changwe, Richard Mwanza ndi Moses Masuwa, ana a Chitalu a ku Kabwe Warriors. Kalusha anapulumuka cifukwa anayenera kucokera ku Holland pa yekha nakakomana ndi anzace ku Dakar. Chitalu anali ndi zaka 45.

M'masiku oyamba a May mitembo inadza nayo ku Independence Stadium, bwalo lomwelo m'mene anyamatawo anali kusewera, ndipo Pulezidenti Frederick Chiluba anatsogolera maliro a boma. Khamu linadzaza bwalo, ndipo ena osawerengeka anaima kunja ndi m'mbali mwa mseu. Anawaika pa malo amene tsopano achedwa Heroes' Acre, ndipo caka ndi caka pa 28 April mabanja ndi anthu a mpira amasonkhana pamenepo. Lipoti la boma la Gabon linaturuka mu 2003, patapita zaka 10. Linanena kuti injini ya kumanzere itaonongeka, woyendetsa anazima ya kumanja imene inali yabwino, ndipo linachulanso kutopa kwace, pakuti ndiye yemwe anabwera ndi timu kucokera ku Mauritius. Mabanja a omwalirawo anayenda m'makhoti zaka zambiri asanalandire cipepeso, ndipo anapempha kwa nthawi yaitali kuti boma la Zambia liulule zonse zimene linapeza.

Cimene cinatsatira cimasokoneza pang'ono woweruza nchito ya Chitalu. Timu yatsopano inasonkhanitsidwa msangamsanga mozungulira Kalusha, ndi aphunzitsi Freddie Mwila, Roald Poulsen wa ku Denmark ndi Ian Porterfield wa ku Scotland. Pa 4 July 1993 inagonjetsa Morocco 2 kwa 1 pa Independence Stadium, pafupi ndi manda amene dothi lace linali lisanaume. Inatsala pang'ono kupita ku America, koma inagonja 1 kwa 0 ku Casablanca pa 10 October pamene kulingana kokha kukadaikwanira. Mu 1994 inafika pa masewera otsiriza a cikho ca mu Africa ku Tunis, nigonja kwa Nigeria 2 kwa 1. Wina anganene kuti ngati timu yotoledwa m'masabata ocepa inafika pamenepo, ndiye kuti mphamvu inali m'mpira wa Zambia wonse, yosati mwa mphunzitsi mmodzi. Wina angayankhe kuti ngati otsalawo anasowa cigoli cimodzi cokha, nanga timu yeniyeni ija, yokhala ndi Chabala pa golo, Makinka pakati, ndi Mutale pamodzi ndi Kalusha kutsogolo, ikadalephera bwanji? Mau onse awiri ali ndi mutu, ndipo palibe masewera amene adzaweruza pakati pao.

Cimene cinganenedwe mosaopa ndi ici. Chitalu analandira timu ziwiri zokha m'moyo wace wa uphunzitsi, ndipo zonse ziwiri anazilandira zitagwa: Warriors itatsitsidwa, Zambia itagonja ku Madagascar. Zonse ziwiri anaziimiritsa. Sanakhale pa mpando nthawi yokwanira kuti akomane ndi masiku oipa amene amafikira mphunzitsi ali yense, masiku aja amene anacotsa Ndhlovu, ndipo cifukwa cace mbiri yace ya uphunzitsi iribe banga, komanso iribe kulemera kwa mbiri ya Ndhlovu kapena ya Simwala, amene anayesedwa zaka zambiri. Kumuika pamwamba pa awiriwa monga mphunzitsi kungakhale kulola cisoni kuti ciweruze. Kumuiwala konse, monga acitira ambiri, ndi kulakwa kwina.

Caka ca 2012 cinabweretsa dzina lace pakamwa pa anthu kawiri. Pa 12 February, mu mzinda womwe uja wa Libreville, Zambia inatenga cikho ca mu Africa kwa nthawi yoyamba, pogonjetsa Ivory Coast 8 kwa 7 pa mapenate atatha masewera opanda cigoli. Mphunzitsi anali Hervé Renard wa ku France, penate yotsiriza anamenya Stoppila Sunzu, ndipo pulezidenti wa FAZ anali Kalusha Bwalya. Masewerawo asanacitike, anyamatawo anapita ku gombe la nyanja nakaponya maluwa m'madzi.

Kaciwiri kanali mu December, pamene Lionel Messi wa ku Barcelona anapitirira zigoli 85 za Müller, natha caka ndi 91, ndipo nyuzipepala za maiko onse zinalemba kuti palibe munthu anacitapo zotere. Akuru a FAZ anadzuka nati ku Kabwe kunali munthu amene anamwetsa 107 zaka 40 zapitazo. Anthu ofufuza anatsegula nyuzipepala zakale za 1972 nawerenga masewera amodzi amodzi, ndipo mawailesi a ku Ulaya, amene sanamchulepo Chitalu ali moyo, anayamba kuphunzira kachulidwe ka dzina lace. Bungwe la FIFA linayankha kuti silisunga ciwerengero ca zigoli za m'maligi a maiko, cotero silingabvomereze ca Chitalu, ngakhalenso ca Messi. A ku Kabwe sanadikire cibvomerezo ca ku Zurich. Bwalo la Railway, m'mene anamwetsa zambiri za zigoli zija ndi m'mene anaphunzitsa anyamata a 1991, analipatsa dzina la Godfrey Chitalu, ndipo Warriors amasewera m'menemo.